Kugwadira Makolo ku China: Ulemu Kapena Chipembedzo?

Bambo Matteo Ricci, Mjezuiti, adaloŵa m'dziko la China mu 1583. Atasinkhasinkha mofatsa mabuku a Confucius, adaona kuti anthu akamagwadira matabwa olembedwa maina a makolo ao sapembedza milungu ai, koma apereka ulemu wa mwana kwa kholo. Amishoni ena, makamaka Adominiko, adati kumeneko nkupembedza mafano. Mfumu Kangxi idavomerezana ndi Ajezuiti mu 1700, komabe Papa Clement XI adaletsa miyamboyo mu 1704. Akhristu adayamba kuoneka ngati ana onyoza makolo, ndipo Mthenga Wabwino udatsekeredwa khomo. Papa Pius XII adachotsa chiletsocho mu 1939. Tidataya zaka zoposa 200 chifukwa choweruza mwambo osamvera eni ake. Safunsa adadya phula.