Kodi Mbiri ya Tete Ikusungidwa Kuti?

Munthu wofuna kudziwa mbiri ya mzinda wa Tete ndi midzi yake ayenera kukonzekera ulendo wautali. Makalata ambiri akale onena za dziko lino sali kuno ai. Ena ali ku Maputo, ena ku Lisboa, ena ku Goa m'dziko la India, ndipo ena okhudza mipingo yathu ali ku Malawi ndi ku South Africa. Amene anatsala pafupi, m'makabati a mipingo ndi m'mabokosi a m'nyumba zathu, ndi amene ciswe cikudya. Nkhani ino ndalembera inu atsogoleri a makalasi a akulu, kuti tione mmene zinthu zinafikira pamenepa, ndiponso gawo limene lili m'manja mwanu.

Mmene makalata anacokera kuno

Apwitikizi anakhazikika pa Tete m'zaka za m'ma 1530, pofuna malonda a golide ndi minyanga. Kufikira caka ca 1752 dziko lino linkalamulidwa kucokera ku Goa. Cotero kalata yolembedwa pa Tete inkatsika ndi ngalawa m'Zambezi, nkupita ku cilumba ca Moçambique, kenaka kuoloka nyanja. Zimene zinafika ku Portugal zinasonkhanitsidwa m'nyumba yosungira makalata yochedwa Arquivo Histórico Ultramarino, imene inakhazikitsidwa ku Lisboa mu 1931. M'dziko lathu lino nyumba yotere, Arquivo Histórico de Moçambique, inatsegulidwa mu 1934 ku Lourenço Marques, ndiye Maputo wa lero, ndipo kuyambira 1976 ili m'manja mwa Universidade Eduardo Mondlane. Nchito yake ndi yaikulu ndithu, koma kucoka kuno kukafika kumeneko ndi makilomita oposa 1,500. Nanga mayi wolima ndiwo m'dambo la Nhartanda, kapena mphunzitsi wa ku Angónia, angakafike bwanji?

Vuto si mtunda wokha. Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto ananyamuka pa Tete ulendo wa kwa Kazembe, napyola m'dziko la Amaravi ndi Acewa. Gamitto analemba zambiri za mafumu, za miyambo ndi za kakhalidwe ka makolo athu, ndipo buku lake linasindikizidwa ku Lisboa mu 1854. Tiyamika kuti analemba. Koma analemba m'Cipwitikizi, ndi maso a mlendo, polembera anzake a kwao. Amtengatenga amene anamsenzera katundu anaonanso zomwezo, koma mau ao sitiwamva. Cimodzimodzi wansembe Victor Courtois, amene anasonkhanitsa mau a Cinyungwe kuno ku Tete: buku lake lomasulira mau linasindikizidwa ku Coimbra mu 1900. Mau anali a kuno, koma buku linabadwira kutsidya la nyanja.

Za mipingo yathu

Ife a mipingo ya Ciprotestanti tili ndi nkhani yathuyathu. Mu 1909 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso ku Angónia, motsogozedwa ndi mbusa A.G. Murray. Mu 1922 boma la Apwitikizi linaletsa nchito yao, amishoni nacoka. Caka comweco ndico cimene Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'Cinyanja. Akristu anatsala opanda abusa, koma sanaleke kupemphera. Ambiri ankaoloka malire kupita ku mipingo ya ku Nyasaland kukabatizidwa ndi kukadya Mgonero, cotero maina ao analowa m'mabuku a kumeneko. Makalata amene amishoni ankalembera akulu ao akusungidwa ku Stellenbosch, m'zilankhulo zimene ife sitiwerenga. Nanga za akulu a mpingo amene anagwira mpingo zaka zonse zija za mdima, akuphunzitsa ana kuwerenga mobisa, analemba ndani? Zambiri zinatsala m'mitu ya adzukulu ao basi.

Nkhondo, moto ndi madzi

Zimene zinatsala kuno zaona mavuto otsatizana. Pa 24 Julaye 1975 boma latsopano linatenga sukulu ndi zipatala za mamishoni, ndipo mabuku a m'menemo anasintha manja. Kenaka kunadza nkhondo ya paciweniweni, kucokera 1977 kufikira pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri a iwo ocokera m'cigawo cathu cino. Munthu wothawa usiku amanyamula mwana ndi bulangete. Za mapepala saganizako. Sukulu, maofesi ndi nyumba za mapemphero zinatenthedwa. Pobwerera kwao, ambiri analibe kalata yobadwira, ndipo ena kufikira lero zaka zao amangoyerekeza poyang'ana nkhope.

Tisaganize kuti nyumba zazikulu ndiye sizikhudzidwa. Kwa anansi athu ku Malawi, moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba mu 1919, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba za boma la Angelezi anapsa. Mu Disembala 2015 nyumba ya mabuku ya yunivesite ya Mzuzu inapsanso yonse usiku umodzi. Kuno kwathu mdani wina ndi madzi. Mu Malici 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira nulowa m'nyumba za ku Chingodzi, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje womwewo. Pamadzi otere, bokosi la makalata limene lili pansi pa bedi silipulumuka. Ndiye pali adani osacita phokoso: ciswe, njenjete, mphemvu, makoswe, ndi kutentha kwa Tete kumene m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, pepala nkuuma mpaka kuthetheka ngati tsamba.

Phunziro la ku Wiriyamu

Wina anganene kuti, kodi kapepala ka maina kali ndi mphamvu yanji? Tamverani. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi pamodzi ndi apolisi a DGS anapha anthu ku Wiriyamu, Chawola, Juwau ndi midzi yoyandikana nayo, pafupifupi makilomita 30 kucokera mumzinda uno. Opulumuka ena anafika ku cipatala ca Tete ndi mabala. Ansembe acikatolika, mmodzi wa iwo Padre Domingos Ferrão, mwana wa kuno, pamodzi ndi owathandiza, anayamba kufunsa opulumukawo mwakacetecete ndi kulemba maina a akufa. Inali nchito yoika moyo paciswe. Ansembe a ku Burgos anatulutsa lipotilo m'dziko, ndipo pa 10 Julaye 1973 wansembe Adrian Hastings analifalitsa m'nyuzipepala ya The Times ku London, masiku ocepa nduna yaikulu ya Portugal, Marcello Caetano, isanafike mumzindawo.

Boma la Apwitikizi linakana. Mpaka kunamveka mau akuti mudzi wa Wiriyamu kulibe pamapu. Koma maina anali atalembedwa kale, ndipo dzina lolembedwa ndi lovuta kulifafaniza. Patapita zaka, wolemba mbiri Mustafah Dhada anayenda m'midziyo kufunsa otsala, ndipo m'buku lake la 2016 muli maina 385 a anthu ophedwa. Mu Seputembala 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ali ku Maputo, anavomera poyera kuti zimene zinacitika ku Wiriyamu ndi coipa cosakhululukika. Zinatenga zaka 50. Cikhala kuti aja sanatenge colembera, bwenzi lero tikungoti "amati kunaphedwa anthu". Olembawo sanali akatswiri a mbiri. Anali anthu odziwa kulemba, amene anali pafupi, nalemba msanga.

Mavuto a lero

Lero vuto loyamba ndi cilankhulo. M'nyumba za mabuku za boma ndi za m'sukulu, pafupifupi mabuku onse ndi a Cipwitikizi. Nzoona kuti pakati pa 1993 ndi 1997 ana ena a m'cigawo ca Tete anaphunzitsidwa m'Cinyanja pa nchito yoyesera yochedwa PEBIMO, ndipo pambuyo pake maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu zina za boma. Koma mayi wamkulu amene watsiriza kalasi lanu, akawerenga ciani kunyumba? Baibulo ndi buku la nyimbo, ngati ali nazo. Inu mudziwa bwino kuti wophunzira akakhala miyezi osawerenga, zilembo zimamthawa.

Vuto laciwiri ndi lakuti malo akusintha msanga. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,000 a ku Moatize anasamutsidwa cifukwa ca migodi ya malasha, ambiri kupita ku Cateme. Mudzi ukasamuka, maina a zitsime, a mitengo, a madambo ndi a manda amasowa powagwiritsa nchito, ndipo mbadwo umodzi ukapita aiwalika. Lamulo la malo la 1997 limalola kuti umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi utsimikize kuti munda ndi wa yani. Ndi lamulo labwino, koma mboni imakalamba ndi kufa.

Vuto lacitatu ndi kudalira foni. Acinyamata amati, "Abusa, musadandaule, ndajambula." Inde kujambula nkwabwino, ndipo kumathandiza kutumiza zithunzi za makalata kutali. Koma foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Kope losungidwa bwino likhoza kukhala zaka 100. Ndi foni iti imene yakhalapo zaka 10?

Zimene tingacite

Pa mavuto a ku Maputo ndi ku Lisboa mphamvu zathu ndi zocepa. Koma makalata a mawa akulembedwa lero, ndipo akulembedwa m'makalasi anu. Ndipempha izi:

1. Kaundula wa kalasi asatayidwe caka cikatha. Lembani dzina lonse la wophunzira, mfunda wake, kumene anabadwira, ndi tsiku, mwezi ndi caka. Pepala lopanda tsiku limataya theka la phindu lake.

2. Mwezi uliwonse itanani wacikulire mmodzi adzafotokoze mbiri: za thangata, za kuthawa nkhondo, za mmene mpingo unayambira pamudzi. Ophunzira alembe m'cilankhulo cimene iye walankhula, kaya Cinyanja kaya Cinyungwe, osakongoletsa mau ake. Pamwamba lembani dzina lake, malo, tsiku, ndi dzina la wolemba.

3. Pemphani cilolezo musanalembe, ndipo mukatha muwerengereni kuti akonze polakwika. Nkhani za nkhondo zili ndi mabala. Ngati iye afuna kuti dzina la munthu wina lisachulidwe, mverani. Sitikusonkhanitsa milandu ai.

4. Kope lililonse likopedwe kawiri. Limodzi likhale ku mpingo, lina kwa munthu wokhulupirika wa dera lina. Kukoperako ndiye phunziro la kulemba la sabata imeneyo. Mukajambulanso ndi foni, tumizani kwa anthu awiri kapena atatu.

5. Sungani m'bokosi lacitsulo, pamwamba, losakhudza khoma kapena pansi, kutali ndi moto ndi podontha. Musamate pepala lakale ndi selotepi, ndipo cotsani mapini acitsulo cifukwa amacita dzimbiri. Pensulo yabwino siifufuma ngati inki ya zolembera zochipa. Tsegulani bokosilo kawirikawiri kuona ngati ciswe calowa.

6. Funsani akulu a mpingo kuti mabuku akale a ubatizo, a maukwati ndi a misonkhano ali kuti. Lembani mndandanda wake, ndipo pakhale munthu mmodzi wolemba aliyense wobwereka. Mbusa akasamuka, mabuku a mpingo asasamuke naye.

Mukacita zimenezi mudzaona kuti mavuto awiri athera pamodzi. Mbiri yasungika, ndiponso kalasi lapeza cowerenga. Wophunzira amene amatopa ndi mau a pabolodi amakhala tcheru akamawerenga nkhani ya agogo ake, yochula phiri limene iye amalidziwa. Makope 10 otere ndiye ciyambi ca nyumba ya mabuku ya mpingo wanu.

Pa Yeremiya 32 timawerenga kuti mneneri anagula munda pamene adani anali atazinga Yerusalemu. Analemba kalata ya malondawo pamaso pa mboni, nalamula Baruki kuti aisunge mumphika wadothi kuti ikhale nthawi yaitali, cifukwa anakhulupirira kuti anthu adzabwerera kudzalimanso m'dzikomo. Wosunga makalata ndi munthu woyembekeza kuti kudzakhala ana odzawerenga. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera, koma kuti agonere ayenera kupeza pogona.

Cotero abale ndi alongo, pa msonkhano wotsatira wa atsogoleri a makalasi, aliyense abwere ndi zinthu ziwiri: mndandanda wa mabuku akale amene wapeza pa mpingo wake, ndi nkhani imodzi yolembedwa kucokera pakamwa pa wacikulire. Muyambe ndi amene ali wokalamba koposa onse. Ambuye adalitse nchito ya manja anu.