Zambia Imodzi, Mtundu Umodzi: Chiyambi ndi Tanthauzo Lake

Munthu wa ku Chinzombo, m'mphepete mwa mtsinje wa Luangwa m'boma la Mambwe, akafunsidwa mtundu wake angayankhe kuti ndi Mkunda. Munthu yemweyo akafika pamalire ku Mwami amati ndi Mzambia. Mayankho onsewa ndi oona, koma loyamba ndi la makolo, pamene lachiwiri linachita kumangidwa ndipo linakhazikika pa 24 Okutobala 1964.

Mtundu, dziko ndi unzika

Mtundu ndi anthu a chiyankhulo, miyambo ndi mafumu amodzi. Akunda ali ndi mfumu yaikulu Nsefu pamodzi ndi mafumu Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro, ndipo amakumbukira makolo awo pamwambo wa Malaila. Dziko lili ndi malire, boma ndi malamulo. Unzika ndiwo umamangiriza munthu ku dzikolo, kumpatsa ufulu ndi udindo posayang'ana mtundu wake.

Ganizo lakuti anthu okhala m'dziko limodzi ndi amodzi, ndipo ayenera kudzilamulira okha, linakula ku Ulaya kuyambira pa kuukira kwa ku France mu 1789. Mu Africa linagwira mphamvu itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makamaka Ghana italandira ufulu mu 1957.

M'mene Zambia inamangidwira

Malire a dziko lino analembedwa ndi atsamunda. Mu 1911 iwo anaphatikiza zigawo ziwiri kukhala Northern Rhodesia. Malirewo sanasamale za mitundu. Achewa a Kalonga Gawa Undi, mwachitsanzo, anapezeka m'maiko atatu: Zambia, Malawi ndi Mozambique.

Chimene chinayamba kugwirizanitsa anthu ndi mavuto omwe ankakumana nawo onse: msonkho, tsankho ndi malipiro ochepa kumigodi, komwe mitundu yosiyanasiyana inkagwira ntchito pamodzi. Mu 1948 kunabadwa chipani cha Congress, chomwe a Harry Nkumbula anayamba kuchitsogolera mu 1951. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda akukana, chinakoleza moto. A Kenneth Kaunda anapatuka mu 1958 ndi kuyambitsa ZANC, yomwe inaletsedwa mu 1959. Mu 1960 iwo anakhala mtsogoleri wa UNIP, chitaganya chinatha mu 1963, ndipo ufulu unadza chaka chotsatira. A Reuben Kamanga a kuchigawo cha kum'mawa ndiwo anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko.

Boma latsopano linalandira mitundu 73. Pofuna kuilunzanitsa, linasankha Chingerezi kukhala chiyankhulo cha boma, linkatumiza antchito ake kuzigawo zomwe si zakwawo, ndipo wailesi inapatsa malo ziyankhulo 7: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale.

Mayesero a umodzi

Umodziwo unagwedezeka msanga. Pamsonkhano wa UNIP ku Mulungushi mu 1967 anthu anavota motsata zigawo, ndipo a Simon Kapwepwe anagonjetsa a Kamanga. Mu Febuluwale 1968 a Kaunda anatula pansi udindo kwa maola angapo chifukwa cha mikangano ya mitundu. Mu 1972 analengeza ulamuliro wa chipani chimodzi, ponena kuti ndiwo mankhwala a tsankho, koma otsutsa anaona kuti ufulu wa anthu waponderezedwa. Zipani zambiri zinapikisananso pachisankho cha 1991.

Funso lakuti Mzambia weniweni ndani linabukanso mu 1996, pamene malamulo anasinthidwa kuti wofuna utsogoleri wa dziko akhale wa makolo a m'dziko lino. Lamulolo linatsekereza a Kaunda eniake, poti makolo awo anachokera ku Nyasaland.

Nkhaniyi m'chigwa cha Luangwa

Ku Mambwe umodzi wa dziko umaoneka pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi nthaka. Mu 1950 mfumu Nsefu inagwirizana ndi a Norman Carr kupatula malo osungirako nyama, ndipo mu 1972 boma linakhazikitsa paki ya South Luangwa. Nyamazo zimatchedwa chuma cha Azambia onse, koma njovu zikalowa m'munda wolira ndi mlimi wa m'chigwa. N'chifukwa chake anthu a kumeneko amafunsa za gawo lawo pa ndalama za alendo.

Chachiwiri ndi chiyankhulo. Chikunda sichili pakati pa ziyankhulo 7 zija, kotero mwana wa Mkunda amamva nkhani pawailesi ndi kuphunzira kusukulu chiyankhulo chomwe si cha agogo ake.

Mawu akuti Zambia Imodzi, Mtundu Umodzi sanalamule Mkunda kusiya Ukunda wake. Analonjeza kuti wa ku Chinzombo ndi wa ku Lusaka adzakhala ofanana pamaso pa dziko, ndipo boma lililonse limayesedwa ndi lonjezo limenelo.