Khomo Lalifupi la Nyumba ya Tiyi ku Japan

Mlendo wofika ku Japan amakopeka msanga ndi sitima zaliwiro, nyumba zosanjikiza za ku Tokyo ndi phiri la Fuji. Zonsezi nzoyenera kuziona. Koma amene afuna kudziwa mtima wa eni dzikolo apatule tsiku limodzi kuti akalowe m'kanyumba komweramo tiyi, pakuti mwambo wa m'menemo uli ndi mbiri yaitali, ndipo amene anaukonza anafa imfa yowawa.

Tiyi wa ku Japan ndi mtengo womwewo umene timauona ku Mulanje ndi ku Thyolo, koma kakonzedwe kake nkosiyana. Masamba amawafutsa ndi nthunzi, kuwaumitsa, ndi kuwapera pamwala kufikira asanduke ufa wobiriwira wotchedwa matcha, umene amautakasa m'madzi otentha ndi kamthiko kansungwi. Kamwedwe kameneka kanafika ndi Eisai, mmonke wa chipembedzo cha Buddha, pobwerera kwawo kuchokera ku China mu 1191. Amonke ankamwa tiyi kuti asagone posinkhasinkha. Patapita nthawi olemera anautengera, nayamba kupikisana poonetsa ziwiya zamtengo wapatali zochokera ku China.

M'zaka za m'ma 1500, pamene dzikolo linali pa nkhondo zosatha za mafumu, kunabadwa Sen no Rikyu mu 1522, mwana wa munthu wamalonda wa mumzinda wa Sakai. Iye anakhala mphunzitsi wa tiyi wa Oda Nobunaga, ndipo pambuyo pake wa Toyotomi Hideyoshi, amene anagonjetsa mafumu onse a dzikolo. Ngakhale ankatumikira anthu amphamvu chotere, Rikyu anachepetsa zonse. Chipinda anachifupikitsa mpaka kukula kwa mphasa ziwiri, zipupa zinali zadothi losakaniza ndi udzu, ndipo anakonda mbale zakuda zimene mmisiri Chojiro ankaumba ndi manja okha. Khomo la alendo linali laling'ono kotero kuti munthu aliyense, mfumu kapena wamalonda, ankalowa chokwawa. Msilikali sakanatha kupyola ndi lupanga lake lalitali m'chiuno, ankalisiya panja.

Hideyoshi anali ndi mtima wina. Anapangitsa chipinda cha tiyi chokutidwa ndi golide, chimene anachinyamula kupita nacho kunyumba ya Mfumu Yaikulu mu 1586. Chaka chotsatira anaitana anthu onse, olemera ndi osauka omwe, ku phwando lalikulu la tiyi ku Kitano mumzinda wa Kyoto. Ubwenzi wa anthu awiriwa sunakhalitse. Mu 1591 Hideyoshi analamula Rikyu kuti adziphe. Umodzi wa milandu imene anamuimba unali wakuti chifanizo chake chamtengo chinaikidwa pamwamba pa chipata cha kachisi wa Daitoku-ji, mwakuti wolamulira dziko polowa ankadutsa pansi pa mapazi ake. Wolamulira amene ankalola kukwawa pa khomo la tiyi anakana kuwerama pabwalo.

Mwambowo sunafe ndi mwini wake. Zidzukulu za Rikyu zinayambitsa masukulu atatu, Omotesenke, Urasenke ndi Mushakojisenke, amene akuphunzitsabe ku Kyoto. Mmodzi wa ophunzira ake otchuka anali mfumu yachikhristu Takayama Ukon, amene anataya ufumu wake pokana kusiya chikhulupiriro, napirikitsidwa kupita ku Manila mu 1614. Mpingo unamutcha Wodala mu 2017.

Tsono mlendo wa lero angaone chiyani? Ku Kyoto chipata chija cha Daitoku-ji chikadalipo, ndipo manda a Rikyu ali m'kati mwa malo a kachisiyo, ku Juko-in. Ku Oyamazaki, pakati pa Kyoto ndi Osaka, kuli Tai-an, kachipinda ka mphasa ziwiri kamene amakhulupirira kuti Rikyu anamanga cha m'ma 1582. Boma limakawerengera pakati pa chuma cha fuko, ndipo ofuna kukaona amapempha chilolezo pasadakhale, nakasuzumira ali panja. Ku Uji, kumene tiyi wabwino walimidwa kwa zaka mazana ambiri, alendo amalandiridwa m'nyumba ya tiyi ya Taiho-an, pafupi ndi kachisi wa Byodo-in, amene holo yake ya mu 1053 inajambulidwa pa kobidi la mayeni 10.

Mukaitanidwa ku tiyi, abale anga, vulani nsapato pakhomo ndipo muvale masokosi oyera. Chotsani wotchi ndi mphete kuopa kukanda mbale. Yambani mwadya kachakudya kotsekemera kamene akupatsani, chifukwa tiyiyo ngowawirako. Landirani mbale ndi manja awiri, weramani pothokoza, ndipo muitembenuze pang'ono kuti musamwere kumaso kwake, kumene mwininyumba walozetsa kwa inu mwaulemu. Mwambo wathunthu, wokhala ndi chakudya, umatenga pafupifupi maola anayi, koma waufupi umene amakonzera alendo sufika nthawi yotero.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mlendo wothamanga ndi kamera adzangoona kanyumba kadothi ndi mbale yakuda yosaongoka bwino, nadzadabwa kuti anthu amalemekezanji zimenezi. Koma amene adzakhala pansi mwakachetechete, kumvetsera madzi akuwira mumphika wachitsulo, adzazindikira chimene Rikyu anafuna: malo amodzi m'dziko la nkhondo, kumene anthu amakumana opanda zida ndi maudindo, wina nkutumikira mnzake ndi manja ake. Lupanga lathu ife lingakhale udindo, maphunziro kapena ndalama za ulendo. Khomolo likadali lalifupi monga kale, ndipo sililola munthu kulowa ataima.