Majekeseni Othandiza Mfundo Zopweteka za M'minofu

Mfundo ya m'mnofu, imene madokotala amaitcha trigger point, ndi kamalo kolimba pakati pa mnofu womangika. Kawirikawiri imapezeka pakhosi, paphewa, pamsana ndi m'matako. Ukaidina, ululu umathamangira kwina: mfundo ya pamwamba paphewa imatha kupweteketsa mutu cha m'mbali. Amene anatchukitsa chithandizo chake ndi Janet Travell, yemwe anali dokotala wa Pulezidenti John F. Kennedy ku America. Iye anayamba kulemba za kubaya mfundozi ndi mankhwala a procaine mu 1942, ndipo mu 1983 anatulutsa buku lalikulu la nkhaniyi limodzi ndi David Simons.

Masiku ano mankhwala amene amabaya kwambiri ndi lidocaine, yemwe amachititsa dzanzi. Ndi wotchipa, amagwira msanga, ndipo amapezeka m'zipatala zambiri. Bupivacaine amakhalitsa m'thupi, koma amavulaza mnofu kuposa lidocaine.

Chochititsa chidwi n'chakuti singano yokha, yopanda mankhwala, imathandizanso. Dokotala wa ku Prague, Karel Lewit, analongosola zimenezi mu 1979. Mu 1994, Chang-Zern Hong anayerekeza njira ziwirizi: ena anawabaya lidocaine, ena singano yokha. Onse anapeza mpumulo pamene singano inalasa mfundo yeniyeniyo mpaka mnofu kudzidzimuka. Kusiyana kwake kunali kwakuti obayidwa singano yokha anamva kuwawa kwambiri pamalopo masiku otsatira. Choncho ntchito yaikulu ili m'dzanja la wobayayo, ndipo lidocaine kwenikweni amangopeputsa ululu wa chilonda cha singano. Odwala ayenera kudziwa zimenezi asanalipire ndalama zambiri.

Madokotala ena amasakaniza mankhwala a steroid, koma umboni woti amawonjezera phindu pa mfundo za m'minofu ndi wochepa. Amathanso kukweza shuga m'magazi mwa odwala matenda a shuga ndi kupyapyalitsa khungu. Botulinum toxin, yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina loti Botox, amatsekereza uthenga wochokera ku mitsempha kuti mnofu usakungike, ndipo mphamvu yake imakhala pafupifupi miyezi itatu. Ndi wokwera mtengo, amafooketsa mnofu, ndipo ofufuza sagwirizana ngati amaposadi lidocaine.

Kubaya kulikonse kuli ndi ngozi zake. Yoopsa kwambiri ndi kuboola mapapo pobaya paphewa kapena pakati pa nthiti. Munthu akayamba kubanika pambuyo pake, athamangire kuchipatala. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, amuuziretu dokotala. Malo amene pali chilonda kapena mafinya sabayapo.

Pambuyo pa jekeseni, mnofuwo umafunika kuuwongola pang'onopang'ono ndi kuuthowa ndi kansalu kofunda. Chimene chinayambitsa vutolo chikapanda kusintha, kaya ndi kusenza katundu wolemera kapena kuweramira kompyuta tsiku lonse, mfundo imabwereranso.