Zoyenera Kudziwa Posankha ma Strut ndi Masipuling'i Musanatsitse Galimoto pa Misewu ya ku Balaka ndi Machinga

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zomwe anthu ogwira ntchito m'boma amagula masiku ano ndi zogwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo zochuluka zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe. Mwa galimotozi muli zina za zitseko ziwiri zopangidwira liwiro, monga Toyota Celica ndi Toyota 86. Eni ake ena amafuna kuzitsitsa kuti ziyandikire pansi, pomwe ena amazilandira zitatsitsidwa kale ndi mwini wake woyamba. Nkhani ino ikufotokoza ntchito ya zipangizo zomwe zimanyamula thupi la galimoto, momwe munthu angazisankhire, komanso zomwe zimachitika galimoto yotsitsidwa ikamayenda pa misewu ya m'dera la Mfumu Yaikulu Nsamala ndi madera oyandikana nalo.

Misewu ya m'derali

Boma la Balaka lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1998 pomwe lidapatulidwa ku boma la Machinga. Msewu waukulu wa phula wodutsa m'derali ndi wa M8, womwe umapatuka ku msewu wa M1 pa Chingeni, kudutsa pa tauni ya Balaka ndi pa Chiyendausiku, mpaka kukakumana ndi msewu wa M3 pafupi ndi Liwonde. Pa malo ochitira malonda a m'mbali mwa misewu ikuluikulu pamakhala mahampu ochepetsa liwiro, ndipo pa tauni ya Balaka pamadutsanso njanji ya sitima.

Munthu akachoka pa phula, misewu yambiri yopita ku sukulu, ku zipatala zing'onozing'ono ndi kwa mafumu ndi ya fumbi. M'nyengo ya mvula, kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, madzi amakumba ngalande m'misewuyi, ndipo matayala a malole ndi ngolo amasiya mizere iwiri yakuya ndi chitunda pakati pake. Chitundachi ndicho chimagunda mimba ya galimoto yotsika. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adaononga misewu ndi milatho yambiri m'chigawo cha kummwera, zomwe zidaonetsa kuti msewu womwe uli bwino lero ungathe kusanduka wa maenje pa sabata imodzi yokha.

Ntchito ya sipuling'i, shock absorber ndi strut

Sipuling'i ndi yomwe imanyamula kulemera kwa galimoto, ndipo kutalika ndi kulimba kwake ndiko kumachititsa galimoto kukhala yokwera kapena yotsika. Shock absorber siinyamula kulemera. Ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kudumphadumpha tayala likagunda hampu. Mkati mwake muli mafuta omwe amakankhidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo kukanika kwa mafutawo kudutsa msanga ndiko kumathetsa kugwedezeka. Motero tayala limakhalabe logwira pansi, ndipo mabuleki ndi chiwongolero zimagwira ntchito yake moyenera.

Strut ndi shock absorber yomwe yaphatikizidwa ndi sipuling'i n'kukhala mzati umodzi. Kumwamba kwake imamangidwa ku thupi la galimoto, kumunsi imagwira chitsulo chomwe tayala limazungulirapo, ndipo kutsogolo imatembenuka limodzi ndi tayala dalaivala akamakhota. Mtundu wofala kwambiri umatchedwa MacPherson, potengera dzina la katswiri wa ku America, Earle MacPherson, yemwe adaukonza m'zaka za m'ma 1940. Udayamba kudziwika pa galimoto za Ford Consul ndi Ford Zephyr zomwe zidaonetsedwa ku Britain mu 1950. Galimoto za Toyota Corolla, Vitz, Probox ndi Toyota 86 zili ndi ma strut a mtunduwu kutsogolo. Poti strut imagwira tayala, ikapindika kapena ikakhala yosayenerana ndi galimotoyo, tayala limaima mopendekera.

Chomwe kutsitsa kumapindula ndi chomwe kumalanda

Galimoto ikatsitsidwa, kulemera kwake kumayandikira pansi, choncho siipendekera kwambiri pokhota. Ichi ndicho chifukwa chake galimoto za mpikisano zimakhala zotsika. Koma phindu limeneli limaoneka pa msewu wosalala, ndipo lili ndi mtengo wake.

Choyamba ndi mpata wa pakati pa mimba ya galimoto ndi msewu. Toyota 86, yomwe idayamba kugulitsidwa mu 2012, idatuluka ku fakitale ili ndi mpata wa mamilimita 130, pomwe galimoto za mtundu wa Hilux zimaposa mamilimita 200. Masipuling'i ambiri otsitsira amachepetsa mpatawu ndi mamilimita a pakati pa 25 ndi 40. Munthu akachotsa 40 pa 130 amatsala ndi 90, ndipo akakweza anthu ndi katundu mpatawo umacheperabe. Zoyamba kugunda pansi ndi bampala ya kutsogolo, paipi ya ekizozi ndi sampu, kumene kumakhala oyilo wa injini. Sampu ikaboka, oyilo amatha m'mphindi zochepa, ndipo dalaivala akapitiriza ulendo injini imatha ntchito.

Chachiwiri ndi mtunda womwe tayala limayenda m'mwamba likagunda hampu. Galimoto ikatsika ndi mamilimita 40, mtundawu nawonso umachepa ndi mamilimita pafupifupi omwewo. Ukatha, strut imakagunda kalabala komwe kamakhala kumapeto kwake, ndipo mphamvu yonse ya hampuyo imalowa m'thupi la galimoto. Pofuna kupewa izi, opanga masipuling'i otsitsira amawalimbitsa kuposa a ku fakitale, koma sipuling'i yolimba imachititsa tayala kudumpha pa msewu wa fumbi wokhala ndi timizere, m'malo motsatira nthaka.

Chachitatu ndi kaimidwe ka matayala. Kutsitsa kumapendeketsa matayala mkati cha kumwamba, zomwe amakanika amazitcha camber, ndiponso kumasintha komwe matayalawo aloza. Zikapanda kukonzedwa, matayala amadyeka mbali ya mkati pomwe kunja akuonekabe atsopano.

Njira zitatu zomwe anthu amatsata

Njira yoyamba ndi kugula masipuling'i otsitsira okha, monga a Eibach, H&R kapena Tein, n'kuwaika pa ma strut omwe alipo kale. Iyi ndi yotsika mtengo mwa njira zovomerezeka, koma imayenera pokhapokha ngati ma strut akadali abwino ndipo kutsitsako n'kochepa. Strut ya ku fakitale idapangidwira sipuling'i yofewa ndi yaitali, choncho ikapatsidwa yolimba ndi yaifupi imalephera kuigwira ndipo imatha msanga.

Njira yachiwiri ndi kugula masipuling'i pamodzi ndi ma strut aafupi opangidwira ntchitoyo. Makampani monga Bilstein ndi KYB amapanga ma strut otere. Ubwino wake ndi wakuti zipangizo ziwirizi zimayenerana, ndipo sipuling'i siimasuka pa malo ake tayala likalendewera m'dzenje.

Njira yachitatu ndi coilover, yomwe ndi strut yokhala ndi mizere ngati ya bauti, yolola makanika kukweza kapena kutsitsa galimoto pozungulitsa mphete zake. Iyi ndi yokwera mtengo, koma imapereka mwayi wokwezanso galimoto nyengo ya mvula ikayandikira. Vuto lake ndi lakuti fumbi ndi matope zimalowa m'mizeremo, ndipo zikapanda kutsukidwa mphetezo zimagwirana ndi dzimbiri.

Palinso njira yachidule yomwe iyenera kupewedwa: kudula sipuling'i ya ku fakitale kapena kuiotcha ndi moto wa gasi kuti ifupike. Moto umaononga kulimba kwa chitsulo, ndipo sipuling'i yotere imapitiriza kufota kapena kuthyoka. Yodulidwa nayonso siikhala bwino pa mpando wake, ndipo ingathe kusuntha n'kung'amba tayala galimoto ili pa liwiro.

Kusankha zipangizo zoyenera

Pogula, dzina la galimoto palokha silikwanira. Chofunika ndi nambala ya chasisi, yomwe imalembedwa pa bulubuku komanso pa kachitsulo ka pa thupi la galimoto. Mwachitsanzo, Corolla ya NZE121 imakoka ndi matayala a kutsogolo okha pomwe ya NZE124 imakoka ndi onse anayi, ndipo zipangizo za kumbuyo kwa galimoto ziwirizi n'zosiyana ngakhale zimafanana maonekedwe. Toyota 86 yoyambirira nambala yake imayamba ndi ZN6. Ma strut ambiri a kutsogolo amasiyananso a kumanja ndi a kumanzere.

Ma strut ndi masipuling'i amasinthidwa awiriawiri, onse a kutsogolo kapena onse a kumbuyo, chifukwa kusintha mbali imodzi kumachititsa galimoto kukokera kumodzi pogwira mabuleki. Pa nthawi yomweyo n'kwanzeru kuona mpando wa kumwamba kwa strut ndi beringi yake, malabala otchinga fumbi, mabushi, ma ball joint ndi ma tie rod end, popeza malipiro a makanika ndi omwewo.

Zipangizo zogwirapo kale ntchito zimapezeka zambiri m'misika ya masipeyala. Strut yakale ingathe kuoneka yoyera koma mkati itatha. Zizindikiro za strut yotha ndi mafuta otayikira m'mbali, ndodo yokandika kapena ya dzimbiri, ndiponso kulowa ndi kutuluka mosavuta ikakankhidwa ndi manja. Zipangizo zachinyengo zokhala ndi maina a makampani odziwika zilinso pa msika, choncho wogula afunse lisiti ndi chitsimikizo chakuti angathe kubweza katunduyo.

Pomanga ndi pambuyo pake

Sipuling'i ya pa strut imakhala yopanikizidwa ndi mphamvu yaikulu, ndipo imachotsedwa ndi chida chopanira chopangidwira ntchitoyo. Kumasula nati ya pamwamba popanda chidachi, kapena kumanga sipuling'i ndi waya kapena chingwe, kungathe kuvulaza munthu kwambiri. Mabauti a mabushi amalimbitsidwa komaliza galimoto itaima pa matayala ake, chifukwa akalimbitsidwa ili pa jeke labala imapotoka n'kung'ambika msanga. Ntchito ikatha, galimoto iyenera kukapimidwa alaimenti pa makina, ndipo nyale za kutsogolo ziyenera kuongoledwanso kuti zisathobwe madalaivala ena.

Malamulo ndi inshulansi

Lamulo la za pamsewu la Road Traffic Act la 1997 limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pa msewu ikhale yoyenera kutero. Nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services ndiyo imayang'anira ntchito yopereka chiphaso cha COF galimoto ikapimidwa. Galimoto yomwe ma shock absorber ake akutaya mafuta, masipuling'i ake ndi othyoka, kapena matayala ake akukhuza thupi, siili yoyenera kuyenda pa msewu. Mwini galimoto ayeneranso kudziwitsa kampani ya inshulansi za kusintha kulikonse kwakukulu, chifukwa kubisa zotere kungathe kubweretsa mkangano pa nthawi yofuna chipepeso ngozi itachitika.

Galimoto za boma, zokhala ndi nambala ya MG, ndi katundu wa anthu onse, ndipo dalaivala kapena ofesala alibe ufulu wozisintha mwa kufuna kwake. Kwa oyang'anira galimoto m'maofesi, chofunika ndi kuonetsetsa kuti zipangizo zogulidwa zikugwirizana ndi nambala ya chasisi, ndiponso kuti tsiku ndi makilomita omwe zidasinthidwira zalembedwa m'buku la galimotoyo.

Galimoto yobwera itatsitsidwa kale

Munthu wogula galimoto ya ku Japan aone bwino zithunzi ndi zikalata zake asanalipire. Tayala lobisika m'thupi la galimoto, kapena masipuling'i a mitundu yowala monga yofiira ndi yobiriwira, ndi zizindikiro zakuti galimotoyo idatsitsidwa. Kuibwezera pa msinkhu wake wa ku fakitale kumafuna masipuling'i anayi, ndipo nthawi zambiri ma strut omwe, choncho ndalamazi ziwerengeredwe limodzi ndi msonkho wa ku MRA ndi mtengo wa ulendo.

Kwa yemwe galimoto yake imangoyenda pa phula pakati pa Balaka, Liwonde ndi Zomba, kutsitsa kosaposa mamilimita 25 ndi zipangizo zoyenerana n'kotheka, bola azichepetsa liwiro pa mahampu ndi pa njanji. Kwa mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo yemwe ntchito yake imamutengera ku midzi ya kwa Nsamala, msinkhu wa ku fakitale ndi ma strut abwino ndizo zingateteze injini, matayala ndi moyo wa okwera.