Amene Anaphunzitsa Timu ya Dziko Lathu

Anzanga aphunzitsi, pa sukulu zathu zambiri za kumidzi nthawi ya masewera imayenda motere: belu likalira masana, mphunzitsi atulutsa mpira m'kabati, nauponya pakati pa anyamata 40, iye nakakhala pansi pa mtengo kuconga mabuku. Inenso ndinacita comweco m'caka canga coyamba ca uphunzitsi, pakuti ndinali kuyesa kuti mpira ndi mphatso yobadwa nayo, yosafuna wophunzitsa. Cimene cinanditembenuza mtima ndi mbiri ya timu ya dziko lathu, ndipo ndifuna kuilongosola pano mwacidule, kuti tione pamodzi kumene osewera athu anacokera, ndi amene anawaphunzitsa.

Bungwe loyang'anira mpira m'dziko muno linayamba m'caka ca 1929, pamene dzina la dziko linali Northern Rhodesia. Masiku amenewo Azungu anali kusewera paokha, ndi anthu akuda paokha, kufikira 1962, pamene inayamba ligi ya dziko lonse yosasankha khungu. Timu yopambana caka coyambaco inali Roan United ya ku Luanshya. Sitidabwa kuti inali ya ku Migodi, pakuti makampani a mkuwa anali atakonza mabwalo ndi nyumba za masewera m'makomboni, nalemba nchito anthu oyang'anira acinyamata. Mnyamata anali kuyamba ndi mpira wa nsanza, umene kumeneko amati cimpombwa, nalowa m'timu ya sukulu, kenaka m'timu yaing'ono ya mgodi, ndipo akakula anali kupatsidwa nchito pa mgodi womwewo kuti asewere wosadera nkhawa za cakudya. Pa makwerero onsewa panali munthu wamkulu womuona ndi kumuongolera. Ndimo mmene anakulira Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers ndi Rhokana United, imene lero timati Nkana. Ku Kabwe anjanji anacita cimodzimodzi ndi Kabwe Warriors, timu ya Godfrey Chitalu, amene mabuku a bungwe lathu amati anagoletsa zigoli 107 m'caka ca 1972.

Zipatso zake zinaoneka msanga. Mu 1974, zaka 10 zokha cilandirire ufulu, timu yathu inafika pa masewera otsiriza a Cikho ca Africa ku Egypt, mphunzitsi wake ali Ante Buselic wa ku Yugoslavia. Tinalingana ndi Zaire zigoli 2 kwa 2, ndipo pobwereza masewerawo anatigonjetsa 2 kwa 0. Koma tisayese kuti nzeru zonse zinacokera kunja. Samuel Ndhlovu, amene anthu anali kumuitana Zoom, anali wosewera wa Mufulira Wanderers, nakhala mphunzitsi wa timu yomweyo, pambuyo pake wa dziko lonse. Ndiye amene anatsogolera anyamata athu ku masewera a Olympic ku South Korea mu 1988, kumene pa 19 September anagonjetsa Italy zigoli 4 kwa 0. Zitatu mwa izo anagoletsa Kalusha Bwalya, mwana wa ku Mufulira konko, amene anapyola m'manja mwa Ndhlovu asanapite ku Belgium. Caka comweco Kalusha anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu Africa.

Tsono tifike pa usiku wa cisoni. Pa 27 April, 1993, ndege ya asilikali imene inanyamula timu yathu kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal inagwa m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewera. Anafanso aphunzitsi ao, Godfrey Chitalu uja ndi womuthandiza Alex Chola. Kalusha anapulumuka cifukwa anali ku Holland, kumene anali kusewerera PSV Eindhoven, ndipo anayenera kukakomana ndi anzake ku Dakar.

Apa ndipo pali cinthu cimene ndifuna kuti ticiyang'anitse. Dziko limene lataya osewera ake 18 tsiku limodzi tikadayembekeza kuti likhala cete zaka zambiri. Koma patangopita masabata ocepa timu yatsopano inasonkhanitsidwa kucokera m'makalabu a m'dziko muno, nipita ku Denmark kukaphunzira pansi pa Roald Poulsen. Pa 4 July caka comweco inagonjetsa Morocco 2 kwa 1 mu Lusaka. Mu October inangotsala pang'ono kupita ku Cikho ca Dziko Lonse, koma Morocco inatibwezera ndi cigoli cimodzi ku Casablanca. Mu April, 1994, ndi mphunzitsi Ian Porterfield wa ku Scotland, timu yomweyo inafika pa masewera otsiriza a Cikho ca Africa ku Tunisia. Elijah Litana anagoletsa poyambirira penipeni, koma Nigeria inapambana 2 kwa 1.

Kodi Poulsen ndi Porterfield ndiwo anapanga osewera amenewa? Iai. Palibe munthu angathe kuphunzitsa mnyamata wa zaka 25 kuimitsa mpira ndi kupatsira mnzake m'masabata asanu ndi limodzi. Alendowo anagwira nchito yabwino, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma anapeza nkhokwe ili yodzaza, ndipo amene anaidzaza ndi aphunzitsi a m'masukulu ndi a m'makalabu, amene ambiri a iwo maina ao sanalembedwe m'nyuzipepala ngakhale kamodzi.

Cikho cimene cinatiphonya mu 1974 ndi 1994 cinabwera pa 12 February, 2012, ndipo cinabwerera ku Libreville komwe kuja. Ine ndinali mwana wa sukulu, ndipo ndikumbukira mudzi wonse utazinga wailesi imodzi mpaka pakati pa usiku. Masiku ocepa masewera otsiriza asanacitike, osewera anapita m'mphepete mwa nyanja kukaika maluwa pokumbukira akufa aja. Adani athu, Ivory Coast, anali ndi Didier Drogba wa Chelsea ndi Yaya Touré wa Manchester City, ndipo palibe timu imene inawagoletsa pa mpikisano wonsewo. Athu ambiri anali kusewera muno mu Africa: ku Zambia, ku South Africa ndi ku Congo. Mphindi 120 zinatha popanda cigoli, ndipo pa mapenate tinapambana 8 kwa 7, Stoppila Sunzu ndiye anagoletsa yotsiriza.

Anthu amatamanda Hervé Renard, Mfalansa amene anali mphunzitsi, ndipo ayenera kutero. Koma taonani cimene anacita. Sanafune osewera atsopano mwezi ndi mwezi. Anayamba kuphunzitsa timuyi mu 2008, nafika nayo pa matimu 8 otsala mu 2010, ndipo atabweranso mu 2011 anapeza ambiri a anyamata omwe aja, monga Christopher Katongo, Kennedy Mweene ndi Rainford Kalaba. Sunzu ndi Emmanuel Mayuka anali atapita kale ku Canada mu 2007 ndi timu ya osapitirira zaka 20, imene mphunzitsi wake anali George Lwandamina. Anali anthu odziwana mayendedwe, ndipo yense anadziwa malo ake. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo usiku umenewo maina akuluakulu a ku Ulaya analephera pamaso pa anthu ophunzitsidwa pamodzi zaka zambiri.

Zotsatira zake sizikondweretsa kwenikweni. Mu 2013 ndi 2015 tinatuluka m'cigawo coyamba, ndipo ku mipikisano ya 2017, 2019 ndi 2021 sitinapite konse. Timu ikagonja, mau amene amamveka pa wailesi ndi akuti mphunzitsi acotsedwe, pabwere wina. Ine ndiganiza kuti vuto lili pansi. Pakati pa 1997 ndi 2000 migodi ya boma inagulitsidwa, ndipo cithandizo ca masewera ca m'makomboni cinacepa kwambiri. Ngakhale Mufulira Wanderers inatsika ku ligi yaing'ono nikhalako zaka zingapo. Makwerero aja anathyoka. Kumene anthu anacitabe khama ndi ana, zipatso zinaonekanso: mu 2017 anyamata osapitirira zaka 20, ophunzitsidwa ndi Beston Chambeshi, anatenga Cikho ca Africa mu Lusaka pogonjetsa Senegal 2 kwa 0. M'timu imeneyo munali Patson Daka, amene anapita ku Leicester City mu 2021, ndi Fashion Sakala wa kwathu kuno ku Chipata, amene caka comweco analowa Rangers ya ku Scotland. Ndipo tisaiwale atsikana: mu 2021 ku Olympic ya Tokyo Barbra Banda anagoletsa zigoli zitatuzitatu pa masewera awiri otsatana.

Nanga ife a kumidzi, opanda mgodi ndi opanda kalabu, ticite ciani? Kwa mwana wa kuno, makwerero oyamba ndi mphunzitsi wake wa sukulu, ndipo akasowa ameneyo palibenso wina. Pa sukulu yathu ndinaleka kuponya mpira umodzi pakati pa khamu. Ana amamanga okha mipira ya nsanza, ndipo ndimawagawa asanuasanu m'timabwalo ting'onoting'ono, kuti yense akhudze mpira kawirikawiri, wamantha ndi wamng'ono yemwe. Tisanayambe kusewera timatha mphindi 15 pa cinthu cimodzi cokha: lero kupatsirana ndi m'kati mwa phazi, sabata lamawa kuimitsa mpira, sabata lina kumenya ndi mwendo wamanzere. Atsikana ali ndi tsiku lao ndi bwalo lao. Ndimalemba m'buku cimene taphunzira, monga ndicitira ndi masamu, kuti ndikasamutsidwa wondilowa m'malo adziwe poyambira.

Mwina mwa ana anu palibe adzavala malaya a Chipolopolo. Koma aphunzitsi amene anaphunzitsa anyamata a 1993 aja sanadziwenso kuti dziko lidzawafuna tsiku lina modzidzimutsa. Kuongola mtengo mpoyamba. Belu likalira sabata lino, siyani mabuku m'kalasi, mulowe m'bwalo pamodzi ndi ana.