Asodzi a ku Newhaven Pamaso pa Kamera

Kale chithunzi cha nkhope chinali cha mafumu ndi eni chuma, poti wojambula ndi penti ankalipiritsa ndalama zomwe mlimi kapena msodzi sakadazipeza. Zinthu zidayamba kusintha ku Edinburgh mu 1843, pamene David Octavius Hill adagwirizana ndi Robert Adamson, mnyamata wodziwa njira ya calotype imene William Henry Fox Talbot adatulukira. Pepala lopakidwa mankhwala a siliva linkagwira kuwala, ndipo kuchokera pa pepala limodzilo ankatsukapo zithunzi zambiri. Poyamba awiriwa ankajambula abusa amene adatuluka mu Church of Scotland n'kuyambitsa Free Church, mpingo womwe udadzatumiza amishoni a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875. Komabe ntchito yawo yamtengo wapatali adaigwira ku Newhaven, mudzi wa asodzi m'mphepete mwa Firth of Forth, kumene adaonetsa kuti munthu wamba nayenso ngwoyenera kukumbukiridwa ndi nkhope yake ndi dzina lake.

Umboni uli m'zithunzi momwemo. Pa chithunzi china, msodzi Willie Liston wakhala pansi, chingwe cha mbedza chili m'manja, akuchikonza. Elizabeth Johnstone Hall wavala siketi yamizeremizere, wazyolika, dzanja lili pa dengu. Amayi ngati iyeyu ankabereka madengu a nsomba kumsana n'kukwera nawo mtunda wapansi mpaka ku Edinburgh kukagulitsa, amuna awo ali panyanja.

Ena amati zithunzizi n'zokonzeratu: anthu adachita kuimikidwa, ndipo sitikuonamo njala, maliro a omira m'madzi ngakhale mphepo yamkuntho. N'zoona, pakuti kamera ya nthawiyo inkafuna dzuwa lowala ndi munthu wosagwedezeka kwa kanthawi ndithu, choncho bwato lolimbana ndi mafunde silikadajambulika. Koma kufooka komweko ndiko kumapatsa zithunzizi mphamvu. Munthu amene ayenera kuima chilili sungamujambule mwakuba. Ayenera kuvomera, kuleka ntchito yake, n'kupirira dzuwa kumaso. Motero msodzi sadali chinthu chongoonedwa ayi, adali mnzawo wa ojambulawo pantchitoyo.

Adamson adamwalira mu 1848 ali ndi zaka 26, ndipo ntchitoyo idathera pomwepo. Mabuku a mbiri a nthawi imeneyo ankasunga mayina a eni malo ndi akuluakulu a mpingo, koma lero timadziwa mmene mayi wogulitsa nsomba ankagwirira dengu lake, chifukwa iye mwini adalola kuima padzuwa kuti tidzamuone.